Azakhali anga sananong'one

Mwezi wa Okutobala ku chigwa cha Shire anthu sagona m'nyumba. Dzuwa likalowa makoma amakhala akutulutsabe moto, choncho mikeka imayalidwa pabwalo, neti n'kumangirira pamitengo, banja lonse n'kugona poyera. Ukakhosomola aneba amamva. Mukakangana m'banja, mawa lake kumjigo aliyense akudziwa amene anayamba. Mlendo wochokera kumtunda angaganize kuti kumalo otere kulibe chobisika. Koma ine ndinakulira komweko, kutsidya la kum'mawa kwa Shire m'boma la Nsanje, ndipo ndikudziwa kuti anthu amene moyo wawo uli poyera chonchi ndi amenenso amadziwa kubisa kuposa wina aliyense. Timaphunzira tili ana.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kwathu munthu sakhala ndi moyo payekha. Bwato lowolokera ndi la mnzako. Dimba lako lachita malire ndi la mlamu wako. Ukafedwa, okumba manda ndi anyamata a m'mudzi momwemo, ophika nsima ndi amayi omwe aja amene dzulo amakunena kuchitsime. Ruo ndi Shire zikasefukira usiku, wokukokera m'bwato sumusankha. Ndiye munthu akamabisa chimene ali, si kuti nthawi zonse ndi wamantha. Amakhala atawerengera bwinobwino zimene angataye. Achinyamata a m'tauni akamalemba pa Facebook kuti aliyense akhale mmene alili osaopa munthu, ine ndimavomereza ndi mtima wonse. Ndimangofuna kuti adziwe mtengo wake wa mawu amenewo kumudzi ngati kwathu, ndiponso kuti mtengowo amauika ndani.

Kubisala koyamba kumene ndinakuona kunali kwa chilankhulo. Ife ndife Asena. Bambo anga ndi anzawo ankagwira ntchito ku Blantyre, ndipo basi ikayamba kukwera Thabwa Chisena chinkatha m'kamwa mwawo. Pofika kumtunda anali anthu ena. Wofunsa kwawo ankangomuyankha kuti "ku Chikwawa," kapena kunena kuti ndi Amang'anja, poti Chimang'anja n'choyandikana ndi Chichewa ndipo palibe akanawatola. Mu 1968 boma linasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo pawailesi ndi m'sukulu zilankhulo zina zinasowa malo. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri ndithu n'kukhala m'boma lathu lomweli, olankhula ngati ife. Kuyambira pamenepo Msena aliyense ankaoneka ngati mlendo wothawa nkhondo, ngakhale agogo a agogo ake anaikidwa m'manda a ku Tengani kapena kwa Mlolo. Pamene wailesi ya MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chisena m'zaka za m'ma 1990, bambo ankakweza wailesi mpaka aneba kumva. Koma ana a anzawo ambiri anali atakula kale osadziwa kupereka moni kwa ambuya awo m'chilankhulo cha ambuyawo. Kubisala kuja kunawapezera mtendere kuntchito, koma amene analipira ndi ana.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Dzina sinditchula, ngakhale iwo sakanadandaula.

Amuna awo ankadula nzimbe ku Nchalo. Anadwala nthawi yaitali, kuonda, chifuwa chosatha, zilonda za m'kamwa. Achibale anayenda nawo kwa asing'anga, ena n'kumaloza chala agogo ena a m'mudzimo. Nthawi imeneyo boma linali litangoyamba kumene kupereka ma ARV aulere, mu 2004, koma kwa bambowa thandizo linafika mochedwa. Ali chigonere m'chipatala, azakhali anapita okha kukayezetsa magazi. Anawapeza nako kachilombo. Sanauze munthu, ndipo amuna awo anamwalira.

Kwa ife Asena mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo ana ndi a kuchimuna. Maliro akatha pamakhala mwambo wa kulowa kufa. Ndikufuna ndiufotokoze mwachilungamo, chifukwa amene amalemba za ife ali kutali amatijambula ngati anthu opanda nzeru kapena opanda chisoni. Akuluakulu ankakhulupirira kuti imfa ikalowa pakhomo imatsalira pa wamasiye ndi pa katundu wa malemu, ndipo ngati sachotsedwa imatenganso ena, makamaka ana. Njira yochotsera inali yoti wamasiye agone ndi mwamuna, kaya wachibale wa malemu kaya wochita kulipidwa. Amene ankaumirira mwambowu ankachita zimenezo poopa kuika maliro ena. Mantha awo anali enieni. Chimene sankaona n'chakuti mwambo woteteza ana unasanduka njira yeniyeni imene imfa inkadutsamo kuchoka khomo ili kupita khomo linalo.

Azakhali akanatha kuchita zimene amayi ambiri ankachita. Akanangokhala chete, kutseka maso masiku owerengekawo, mwambo n'kutha, dimba n'kukhala lawo, ulemu n'kukhala wawo. Kapena akanathawa usiku kubwerera kwa abale awo osanena chifukwa. Sanachite zonsezi. Tsiku limene achibale anasonkhana pansi pa mtengo kukambirana za mwambowo, a nyakwawa ali pomwepo, iwo anagwada monga mwa ulemu, n'kupempha kuti alankhule. Ine ndinali mnyamata, ndinakhala chakumbuyo pamodzi ndi anzanga, koma mawu awo ndinawamva onse chifukwa sananong'one.

"Alamu, ine ndinakayezetsa. Kachilombo ndili nako. Achimwene anu chawatenga n'chomwechi, si agogo aja mumawanenawa ayi. Amene alowe m'nyumba mwanga atuluka nako, akapatsire mkazi wake. Ine munthu sindipha."

Panakhala bata lalitali. Kenako apongozi awo aakazi anayamba kulira mokweza ngati maliro ayambiranso, ndipo mlamu wawo wamkulu anaimirira n'kunena kuti mayiyu watukwana malemu, ndiponso kuti ngati matendawo alipodi ndiye kuti anabwera nawo ndi iyeyo.

Zimene zinatsatira sindizikometsa. Azakhali ankaphika zitumbuwa n'kumagulitsa pafupi ndi sukulu. Ana analetsedwa kugula, bizinesi n'kufa. Kumaliro ndi kumaukwati anawachotsa pamoto, n'kumawapatsa ntchito yotola nkhuni. Kutchalitchi benchi imene akhala inkakhala ndi mpata mbali zonse ziwiri. Anyamata ena akamadutsa ankati "maliro oyenda," ndipo atayamba kunenepa ndi mankhwala mawu anasintha, ankati akuyendera mayunitsi. Chopweteka kwambiri chinali dimba. Achibale a malemu analanda mbali yachinyontho, ya kufupi ndi madzi, kumene chimanga ndi mbatata zimachita bwino madzi akaphwa, n'kuwasiyira kumtunda kouma. Chaka chimenecho iwo ndi ana awo anadya nyika za m'dambo. Amene sanaidye nyika sangadziwe kuti munthu amaifuna njala ikafika pati.

Ndinawafunsa patapita zaka ngati sanaganizepo kuti bola akanakhala chete. Anandiyankha kuti, "Mwanangu, ndinaganiza kambirimbiri. Koma ndikanakhala chete, ndikanamuona bwanji mkazi wa munthu ameneyo akubwera kudzandipempha mchere?"

Yankho limeneli landikhala m'mutu chifukwa limatsutsa zimene ambiri timaganiza. Timaona ngati munthu wokhala poyera ndi wodzikonda, wosasamala za mudzi, wofuna kuti anthu amuone. Azakhali anaulula chifukwa chosamala za mudzi kuposa amene ankati akuteteza mwambo. Bodza likanawasungira dimba, koma likanasenzetsa katundu wake munthu wina wosadziwa kanthu. Ndaona kuti chinsinsi cha mtundu uwu kawirikawiri chimatero: mwini wake amapuma pang'ono, wina n'kulipira, kaya ndi mkazi, kaya ndi mwana wobadwa nako kachilombo chifukwa mayi ankaopa kuti apongozi aona mabotolo, kaya ndi agogo osalakwa amene akutchedwa mfiti chifukwa banja lakana kutchula dzina la matenda.

Koma kulimba mtima kwa munthu mmodzi sikukanakwanira, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Azakhali sanafe ndi njala kapena manyazi chifukwa cha anthu ochepa amene anachita zinthu zazing'ono pamaso pa gulu. Mayi wina wachikulire, mzamba wakale wolemekezeka m'mudzimo, anafika pakhomo pawo masana dzuwa lili pamutu, anthu akuona, n'kupempha madzi akumwa, n'kumwera m'kapu yomwe azakhali anali atangomwera. Sanalalikire chilichonse. Bambo anga anabwera kuchokera ku Blantyre n'kukakhala pabwalo la a nyakwawa mpaka nkhani ya dimba inamvedwa, ndipo mbali ina inabwezedwa. A nyakwawa nawonso anagamula kuti mwambo uchitike m'njira ina, banja lina la pachibale lichite m'nyumba mwawo m'malo mwa wamasiye, monga midzi yambiri inayamba kuchitira pambuyo pake. Palibe mwana anafa. Anthu anaona zimenezo ndi maso awo, ndipo zinalankhula kuposa misonkhano yonse ya mabungwe.

Chaka cha 2004 chomwecho, Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti m'bale wake anamwalira ndi Edzi. Zinathandiza, chifukwa kuyambira pamene matendawa anapezeka m'dziko muno mu 1985, akuluakulu ankangoti munthu wamwalira atadwala nthawi yaitali. Koma pulezidenti akaulula, palibe amamulanda dimba. Lamulo loletsa miyambo ngati kulowa kufa ndi kusala anthu amene ali ndi kachilombo linayamba kugwira ntchito mu 2018. Amayi ngati azakhali anga anali atayamba kale kukana, lamulo lisanabwere kudzaima kumbuyo kwawo.

Mu Januwale 2015 madzi anabwera ngati mmene sitinawaonerepo. Dera la Makhanga linasanduka chilumba, anthu anagona m'mitengo ndi pa zulu, asilikali n'kumawapulumutsa ndi maboti. Amene anapulumuka anathawa ndi zovala za m'thupi basi. Azakhali anakakhala pamsasa, pasukulu ina ya kumtunda, amayi ndi ana m'makalasi, abambo panja.

Tsono ganizirani za munthu amene kwa zaka wakhala akumwa ma ARV mobisa. Botolo ankalisunga m'thumba la ufa kapena kudenga. Mankhwala ankakatengera kuchipatala chakutali, kulipira kabaza ndi bwato, kuti asakumane ndi womudziwa. Ena ankalembetsa ndi dzina lina. Tsopano botolo lapita ndi madzi, buku la kuchipatala lapita, ndipo ali m'kalasi limodzi ndi apongozi ake, aneba ake, ndi amayi a mvano a kumpingo kwake. Azaumoyo akabwera pamsasa n'kufunsa kuti ndani amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, adzakweza mkono? Mankhwala amenewa safuna kudukiza. Ukasiya, kachilombo kamachulukanso m'magazi, ndipo ukamadukizadukiza kamatha kuzolowera mpaka mankhwalawo kusiya kugwira ntchito. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma munthu amene ali m'kalasi lija sakufunika mwambi. Akufunika munthu woti amunong'oneze.

Munthu ameneyo anali azakhali. Popeza iwo analibenso choti abise, anali okhawo amene akanatha kupita kwa azaumoyo masana, kuima pamzere, n'kunena mokweza chimene akufuna. Usiku anthu anayamba kuwatsatira kuseri kwa kalasi. Ankati, "Mayi, mukamapita mawa mundinenereko." Azakhali ankasunga mayina m'mutu, m'mawa n'kukawatula kwa azaumoyo, kenako n'kukonza zoti aliyense akaonedwe payekha mosaonetsera. Pakati pa anthu amenewo panali amene anawachotsa pamoto kumaliro kuja. Panalinso wina wa kubanja la malemu amuna awo. Mpaka lero sanandiuze kuti anali ndani, ndipo sanauze wina aliyense. Munthu amene anaulula zake pabwalo ndi amene anadzakhala wosunga zinsinsi za mudzi wonse, ndipo anazisunga bwino.

Madzi ataphwa, ena mwa anthu aja anapanga gulu lotengerana mankhwala, njira imene inayambira kutsidya ku Tete: mmodzi amapita kuchipatala n'kutengera anzake, mwezi wina apita wina, ndalama ya ulendo n'kuchepa. Gulu lotere silingatheke ngati aliyense akubisala kwa mnzake. Pamene namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023, a m'gululi ankadziwana kale, ndipo mabuku ndi mabotolo anali m'mapepala apulasitiki, okonzeka kunyamulidwa.

Ndikudziwa kuti wina akawerenga izi anena kuti, ndiye aliyense aulule basi. Ayi. Ine sindingauze munthu kuti atuluke poyera pamene sindidzakhalapo tsiku limene adzathamangitsidwe pakhomo. Pali mayi amene akaulula lero, madzulo amenyedwa. Pali wantchito amene akaulula, mwezi ukatha ntchito yatha, ngakhale lamulo likuletsa. Ndipo pali ena amene lamulo lenilenilo lili pakhosi pawo. Tonse timakumbukira za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre kumapeto kwa 2009 pamene lamulo linkawaona ngati amuna okhaokha, n'kugamulidwa mu 2010 kuti akakhale kundende zaka 14, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Anthu ngati amenewa sali ku Blantyre kokha. Ali ku Bangula, ali ku Ngabu, ali m'mabanja mwathu, ena anakwatira kapena kukwatiwa kuti anthu asiye kufunsa, ndipo m'nyumba zimenezo muli anthu awiri osasangalala m'malo mwa mmodzi. Mungakhale ndi maganizo anu pa nkhaniyi, a chipembedzo kapena a chikhalidwe. Ine ndimangodziwa kuti amenewa ndi ana a anthu, ndipo ndikamva anyamata akunena kuti otere ngofunika kuwamenya, ndimamva mawu omwe aja ankanenera azakhali anga.

Chimene ndimakana ndi chizolowezi chathu choyamikira munthu wolimba mtima patapita zaka, pamene nthawi imene ankavutika tinali chete. Lero azakhali amaitanidwa kukalankhula kumisonkhano, amfumu amawatchula ngati chitsanzo, ndipo ena amene amawaombera m'manja ndi omwe aja ankaletsa ana kugula zitumbuwa. Sindiwasungira mkwiyo, poti iwo eni ake sasunga. Koma tisamanamizane kuti kuvutika kwawo kunagwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Kunapangidwa ndi anthu, ndi manja athu, pa benchi ya m'tchalitchi, pamoto wa kumaliro, pamalire a dimba. Ndipo kunachepetsedwanso ndi anthu. Woulula amasankha kulankhula, koma kuti alipira zochuluka bwanji timasankha ndife omvera. Ambiri a ife sitidzafunsidwa kugwada pabwalo n'kunena zimene azakhali ananena. Chimene tidzafunsidwa n'chaching'ono kwambiri, chofanana ndi cha mzamba uja, ndipo n'chomvetsa chisoni kuti ngakhale chimenecho timachiona cholemera.

Zinthu zasintha kwambiri, ndipo ndiyenera kunena. Kuyambira mu 2011 Malawi anayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilombo, ndipo ana ochuluka akubadwa opanda kachilombo. Tikudziwanso tsopano kuti munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Mantha akale aja, oti kapu kapena chitumbuwa chingakupatse matenda, analibe maziko ngakhale nthawi imeneyo. Komabe manyazi sanathe. Anangosamukira kwa ena.

Pali mnyamata wina wa pachibale chathu, anabadwa nako kachilombo, ndipo anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Kunyumba analibe vuto, poti anakulira pafupi ndi azakhali ndipo kumwa mankhwala kunali ngati kutsuka mkamwa. Kusukulu anapeza chipinda chogona anyamata ambirimbiri, mabedi oyandikana, zikwama zosatsekeka. Botolo limalira ukaligwedeza. Anayamba kukulunga mapiritsi m'sokosi, kenako kumwera kuchimbudzi, kenako kudumpha masiku pamene sanapeze mpata. Pobwera kutchuthi, zotsatira za magazi zinaonetsa kuti kachilombo kachulukanso.

Amalume ake ena anapsa mtima n'kunena kuti mwanayu angouza anzake onse, nanga azakhali ake sanaulule pabwalo? Azakhali anawaletsa. Anati, "Achimwene, ine ndinali mayi wa ana, ndinasankha ndekha. Uyu ndi mwana, ndipo sanalakwire munthu. Musamuikire mawu m'kamwa." Kenako anamuitana mnyamatayo n'kumufunsa funso limodzi lokha: kusukuluko alipo munthu mmodzi amene umamukhulupirira?

Anatchula awiri, mphunzitsi woyang'anira malo ogona ndi mnzake amene amagona bedi loyandikana nalo. Sukulu zitatsegulira, mayi ake anapita naye kukaonana ndi mphunzitsiyo, ndipo anagwirizana kuti botolo lizikhala kunyumba ya aphunzitsi, iye azipita madzulo aliwonse ngati watumidwa. Mnzake uja anamuuza yekha pakati pa teremu. Ena onse sakudziwa, ndipo adzawauza kapena ayi mmene iye adzafunire. Magazi akayezetsanso tchuthi chikubwerachi.